Adiresi imodzi, eni ake awiri: kaseva kasiya kusowa

Kaseva ka Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) kakhazikika tsopano, SSH, njira yolowera m'kompyuta uli patali, yasiya kuduka. Vutoli linali lozunguza mutu: ping (yoyesera ngati chipangizo chikupezeka) ku 192.168.1.50, adiresi ya IP ya Pi, ikuyankha bwinobwino, koma SSH ikukana, pakapita kanthawi n'kuyambanso kugwira yokha. Waya, switch ndi khadi la SD zonse zinalibe mlandu.

Chinaulula ndi lamulo la ip neigh pa laputopu, loonetsa zipangizo zoyandikana nazo pa netiweki. Pa adiresi yomweyo MAC, nambala yozindikiritsa chipangizo pa netiweki, imasinthasintha: pena yoyamba ndi b8:27:eb, yomwe ndi ya Pi, pena yachilendo. Paja mkati mwa netiweki imodzi uthenga umafika potsata MAC ya mabiti 48 ija, IP payokha sikwanira. Laputopu imafuula kwa onse pa ff:ff:ff:ff:ff:ff kuti "mwini .50 ndani?", ndipo ARP, njira yofunsira imeneyi, yomwe ndi ya 1982, siifunsa chiphaso. Woyankha aliyense amakhulupiriridwa. Ndiye ping imayankhidwa ndi chipangizo china, chomwe SSH chilibe n'komwe.

Mlendoyo anali foni. Pi inali ndi adiresi yoikidwa pamanja, pomwe DHCP ya rauta, yomwe imapatsa zipangizo maadiresi yokha, imagawa kuyambira .2 mpaka .254. Pi itazima, foni inapempha adiresi n'kupatsidwa .50. Kuizindikira foniyo ndiye kunadya nthawi, chifukwa kuyambira Android 10 ndi iOS 14 mafoni amapeka MAC pa Wi-Fi iliyonse, moti kufufuza wopanga foni potengera MAC n'kutaya nthawi chabe. Yang'anani chilembo chachiwiri: chikakhala 2, 6, A kapena E, MAC-yo ndi yopeka.

Potsimikiza, chitani arping -I eth0 192.168.1.50 muli pa kompyuta ina. Ma MAC awiri akayankha, vuto latsimikizika. Chepetsani DHCP ikhale .100 mpaka .199, foni iiwale Wi-Fi n'kulowanso, kenako ip neigh flush all. Ena amakonda kusungitsa adiresi pa rauta potengera MAC. Nzabwino, koma kwa ine seva iyenera kudziwa adiresi yake ngakhale rauta itafa.

Musavutike ndi raspberrypi.local pa vuto lotere. mDNS, yomwe imamasulira dzinalo kukhala adiresi pa 224.0.0.251 poti 5353, imangokupatsani .50 yomweyo, mkangano wa ARP n'kukhala pomwepo.

Chotsatira n'kusamutsira DHCP ndi DNS (yomasulira mayina kukhala maadiresi) zonse pa pulogalamu ya dnsmasq, mafoni akhale pa VLAN (chigawo cha netiweki) yawoyawo, mwinanso IPv6 yomwe, switch yodziwa ma VLAN ikangopezeka.