Loweruka ku Ku Chawe: tsiku limene ndinasowa nkhani yoti ndisimbe

Uthenga unabwera Lachinayi pa gulu lathu la WhatsApp, gulu la anthu amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, wonena kuti mnzathu amene amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester wabwera kudzaona makolo ake, ndipo akufuna kuti onse amene angathe akumane naye Loweruka masana ku Ku Chawe, hotela ya pa phiri la Zomba. Popeza mwa anthu onse a pa gululo ndine ndekha amene ndimakhala mu Zomba momwemuno, ntchito yofunsa mitengo ya chakudya ndi kusungitsa malo inagwera ine, monga zimakhalira nthawi zonse kukakhala maliro, chinkhoswe kapena ukwati wokhudza mmodzi wa ife kuno.

Loweruka m'mawa ndinachonga mapepala a mayeso a ana a Folomu 3, kenaka ndinasita malaya amene ndimavala kutchalitchi. Cha m'ma 11 koloko galimoto ya mnzathu wina, amene amagwira ntchito ku bungwe lina ku Lilongwe, inadzanditenga kunyumba ku Matawale. M'galimotomo munali kale namwino uja pamodzi ndi mnzathu wachitatu, amene anasiyira sukulu panjira ndipo tsopano amayendetsa thiraki pakati pa Blantyre ndi Johannesburg. Titayamba kukwera msewu wokhotakhota uja, alendo anga anafuna kuima paliponse: anajambula amuna amene amatsika ndi njinga zosenza nkhuni, anagula masitiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu osanenerera ngakhale pang'ono, ndipo pamene mzinda unaonekera wonse m'munsi mwathu anatuluka m'galimoto n'kuyamba kulozerana denga la chipatala, ndende ndi nyumba za yunivesite ku Chirunga. Ine phirili ndimaliona m'mawa uliwonse ndikatuluka pakhomo, koma papita nthawi yaitali ndisanalikwere, chifukwa munthu wokhala mu Zomba amakwera phiri pokhapokha akakhala ndi alendo.

Chakudya chinali chabwino ndipo macheza anakoma, ndisaname. Namwino uja anatisimbira za mdima umene umagwa 4 koloko masana m'nyengo yozizira, za agogo achizungu amene amafera m'chipatala popanda wachibale ndi mmodzi yemwe pambali pawo, ndi za ulendo wake wa pa sitima yodutsa pansi pa nyanja kuchokera ku London kupita ku Paris. Wa ku Lilongwe uja anafotokoza za misonkhano ya ku Nairobi ndi ku Geneva, za tsiku limene chikwama chake chinatsalira ku Addis Ababa iye n'kukalankhula pamaso pa anthu akuluakulu atavala zovala zadzulo. Koma amene anatigwetsa ndi phwete anali wa thiraki uja, pamene anayamba kutchula njira yake yonse ngati pemphero loloweza pamtima: Mwanza, Zobue, mlatho wa pa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka pa mzere wautali wa ku Beitbridge pamene oyendetsa mathiraki amaphika nsima pansi pa galimoto zawo podikira kuti mapepala atuluke. Pamalo paliponse anali ndi nkhani yake, ndipo nkhani iliyonse inali ndi wapolisi, tayala lophulika kapena mayi wogulitsa nkhuku yootcha amene amamudziwa dzina.

Ndiye namwino uja anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, “Nanga inu achimwene, mwangoti zii. Tatiuzeni, kuno kukuchitika zotani?” Anafunsa mwaulemu ndi mwachikondi, ndipo onse atatu anandiyang'ana akudikira. Ndinafufuza m'mutu mwanga, ndipo zimene ndinapeza zinali zakuti denga la kalasi ina kusukulu kwathu linasasuka ndi mphepo, kuti mtengo wa thumba la chimanga pa Mpondabwino wakweranso, ndi kuti mwana wanga wamkulu akulemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino. Ndinangoti, “Kuno n'chimodzimodzi, tikungokhala,” iwo anaseka pang'ono, ndipo nkhani inabwereranso ku mitengo ya matikiti a ndege. Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kukoma m'kamwa mwanga.

Ndakhala ndikulingalira madzulo onse kuti chinandipweteka kwenikweni n'chiyani. Ndalama zilimo ndithu, sindingabise, pakuti pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a mphunzitsi ngati ine anafota tsiku limodzi, pamene amene amalandira mapaundi anadzuka atalemera kuposa dzulo lake popanda kugwira ntchito ina iliyonse yowonjezera. Koma zikanakhala za ndalama zokha, sindikanamuchitira kaduka mnzanga wa thiraki, amene amagona m'galimoto, msana umamuvuta, ndipo nyumba yake ku Bangwe ndi yalendi ngati yangayi. Chimene ndinasirira mwa iye n'chakuti masiku ake amasiyana, lililonse lili ndi dzina la malo ndi chochitika chake, pamene anga ndikawayang'ana m'mbuyo amangolumikizana, teremu ndi tchuthi, teremu ndi tchuthi, moti sindingathe kusiyanitsa chaka china ndi chinzake kupatula potchula amene anamwalira m'chakacho. Choseketsa n'chakuti ine ndimaphunzitsa jogalafe. Ndimajambula pa bolodi mtsinje wa Zambezi ndi madoko a Beira ndi Nacala, ndimafotokoza chifukwa chimene maiko a kumpoto amakhalira ndi usana waufupi m'Disembala, ndipo ana amalemba zonsezo m'makope mwawo pokhulupirira kuti aphunzitsi akudziwa, chonsecho amene anaziona ndi maso ndi uja amene sanafike Folomu 4.

Matenda amenewa si achilendo m'dziko muno, ndipo sanabwere ndi Facebook monga ena amanenera. Malume anga anali mmodzi wa anthu amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo amayi amasimba kuti atabwerako ndi sutikesi, bulangete lolemera ndi wailesi, anyamata a m'mudzi mwathu ku Jali ankawazungulira madzulo aliwonse kuti amve za zikepe zotsikira pansi pa nthaka ndi za mzinda umene magetsi ake sazima. Bambo anga, amene sanapite chifukwa anali okhawo otsala kuti asamale agogo, ankachoka pabwalopo mwakachetechete n'kupita kukaona mbuzi. Ulendo wa Wenela unadzaima mu 1974, ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo a Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Koma mtima wosirira wopita kutali sunaime nawo, moti pamene achinyamata anayamba kunyamuka kupita ku minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023, ana a m'kalasi mwanga ankakamba za iwo ndi nkhope zomwe zija zimene amayi amafotokoza. Lero ndazindikira kuti pa tebulo lija ine ndinakhala pampando wa bambo anga, kungoti kunalibe mbuzi zoti ndikaone.

Pali mankhwala amene anthu amakonda kupereka kwa munthu amene ali mumkhalidwe wangawu, akuti usasirire chifukwa sudziwa zimene anzakowo akubisa, pakuti pa zithunzi amaonetsa zokoma zokhazokha pamene kuseri akulira. Mankhwala amenewa ine ndimawakana. Choyamba, anzangawa sanabise kanthu, namwino uja ananena yekha kuti anaonera maliro a mchimwene wake pa foni ali m'chipinda chosinthira zovala kuntchito, ndipo ananena izi misozi ili m'maso. Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimandinyansa, chitonthozo chotere chimafuna kuti ndizilakalaka kuti anzanga akhale ndi mavuto obisika kuti ine ndipeze mtendere, ndipo imeneyo ndi nsanje yomwe ija itangovala jekete la kutchalitchi. Anthuwa ndimawakonda, ndinagawana nawo chigumu pa nthawi yopuma tili ana, ndipo sindifuna kuti moyo wawo uipe. Ndimangofuna kuti wanga ukhale ndi kanthu kena kosimbika.

Titamaliza kudya tinapita ku Emperor's View, malo amene anapatsidwa dzinali chifukwa cha Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia imene inafikapo m'zaka za m'ma 1960. Kunja kunali kowala bwino moti phiri la Mulanje linkaoneka, ndipo nyanja ya Chilwa inkanyezimira chakum'mawa. Wa ku Lilongwe uja anafunsa ngati nyanjayo ili ndi madzi chaka chino, ndipo apa pakamwa panga panatseguka. Ndinawafotokozera kuti Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira kuchokera ku Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo popeza ndi yosaya, mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018. Ndinawauza mmene ndinaonera mabwato atagona pa matope ong'ambika pa Kachulu, anthu akupita ku chilumba cha Chisi pa njinga ndi wapansi, ndiponso mmene matemba anasowera pa msika mpaka amayi a m'tauni kuyamba kugula usipa wa ku Mangochi pa mtengo wokwera. Anamvetsera ndithu, ndipo wa thiraki uja anati sankadziwa kuti munthu angayende pansi kukafika pa Chisi. Wina angaganize kuti pamenepa mtima wanga unakhala pansi, koma sizinatero kwenikweni, chifukwa ndinaona kuti akundimvetsera mmene alendo amamvetserera mnyamata wowaperekeza m'phiri, amene amadziwa dzina la mtengo uliwonse koma madzulo amatsala pomwepo galimoto ikamapita. Namwino uja anandigwira paphewa n'kunena kuti, “Achimwene, ine ndimakusirirani, mumakhala pamalo pokongola chonchi.” Ndikukhulupirira kuti ananena zochokera pansi pa mtima, komabe tikiti yake yobwerera ili m'chikwama, ndipo kusirira kwa munthu amene angathe kusankha n'kosiyana ndi kwa munthu amene sanasankhepo.

Potsika tinadutsa pa damu la Mulunguzi, limene madzi ake timamwa m'tauni muno, kenaka tinazungulira ku nyumba zakale za boma chifukwa alendo anafuna kujambula nyumba yakale ya malamulo. Mzinda uno nawonso unatsala pamene ena ankapita. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994 kenaka nawonso ananyamuka, ndipo chimene chinatsala ndi asilikali a ku Cobbe Barracks, nyumba yosungira zolemba zakale za boma, ofesi ya mayeso ya MANEB ndi yunivesite, imene inabwera kuno mu 1973. Yunivesiteyo ndiyo imawawitsa mtima kwambiri ukaiganizira, chifukwa chaka ndi chaka imalandira achinyamata ochokera m'maboma onse, amakhala nafe zaka zinayi m'nyumba zalendi za ku Chikanda, kenaka amavala mikanjo yawo, kujambulitsa, n'kupita kukayamba moyo kwina. Ife okhala kuno timawagulitsa mandasi ndi makala, timawaphunzitsira ang'ono awo, ndipo timawaona pa nyuzipepala patapita zaka.

Tisanasiyane pa depoti, namwino uja ananditengera pambali n'kundiuza kuti wagula puloti ku Old Naisi ndipo akufuna kuyamba kumanga chaka chino, koma achibale ake sawakhulupirira pa nkhani ya ndalama. Anapempha kuti ine ndiziyang'anira ntchitoyo, kugula simenti ndi malata, kulipira amisiri ndi kumutumizira zithunzi, popeza ine, monga ananenera mwini wake, ndimapezeka nthawi zonse ndipo sindisuntha. Mawu amenewa anawanena ngati chiyamikiro, ndipo ndinamuyankha kuti ndiganizire kaye.

Kunyumba ndinapeza mayi a kunyumba akusankha nyemba pakhonde, ndipo atangondiona anati, “Abambo, nkhope imeneyo si ya munthu amene wadya ku hotela.” Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za kusowa kwanga nkhani, iwo n'kuseka kwambiri, kenaka anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ndinawayankha kuti mwambiwo ndi woona, koma sunena kuti munthu aziyamikira fodya wa pamphuno ngakhale atasuluka. Pamenepo anasiya kuseka, ndipo anandikumbutsa kuti iwonso sanaonepo nyanja ya Malawi kupitirira pa Mangochi, kuti akhala akundiuza kangapo za sitima ya Ilala imene imanyamuka ku Monkey Bay kupita ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, ndipo ine nthawi zonse ndimayankha kuti ndalama palibe. Za pulotiyo anati ndisavomere mwaulere, chifukwa kuyang'anira nyumba ya munthu ndi ntchito yodya Loweruka lililonse kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, ndipo simenti ikasowa dzina loipa limagwera woyang'anira.

Tadya nsima ya matemba, ndipo ana atagona ndalemba uthenga kwa namwino uja. Ndamuuza kuti ntchitoyo ndiigwira, ndizisunga malisiti onse ndi kumutumizira lipoti mwezi uliwonse, koma azindilipira ndalama yoti tigwirizane isanayambe ntchito, osati yongondithokoza akafuna. Wandiyankha patapita kanthawi kuti zimenezo n'zomveka ndipo nditchule mtengo. Mayi a kunyumba anena kuti ndalama imeneyo isalowe m'thumba la ndiwo, tiziika padera mpaka tchuthi cha Ogasiti, ndipo Lolemba ndikaweruka ndikafunse kwa mnzanga wa ku Monkey Bay kuti Ilala ikunyamuka tsiku liti masiku ano ndiponso kuti anthu awiri amalipira zingati kukafika ku Likoma.