Lamba wa m'khosi mwa njovu

Lachinayi, ku Liwonde.

Tinalowa m'nkhalango yosungirako nyama dzuwa lisanatuluke, ndipo pafupi ndi mtsinje wa Shire tinapeza gulu la njovu likutsetsereka kukamwa madzi. Yaikazi yaikulu imene inkatsogolera inaima pansi pa mivumo kwa kanthawi kokwanira kuti mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito yojambula zithunzi aijambule bwinobwino. Chithunzicho chinatuluka chosiririka, koma m'khosi mwa njovuyo munali lamba wamkulu wokhala ndi kachipangizo ka GPS, ndipo lambayu ndiye watidyera tsiku lonse.

Masana, tikuona zithunzi pa kompyuta, mnyamatayo anati, "Achimwene, lambayu ndingomufufuta basi, palibe amene angadziwe, ndipo chithunzichi ndichitumize ku mpikisano." Ndinamuyankha kuti kukonza zithunzi sindidana nako. Failo ya RAW, yomwe ndi chithunzi choyambirira chisanakonzedwe, imatuluka mu kamera ili yozimiririka, choncho tonsefe timawonjezera kuwala, timakonza mitundu, timadula m'mbali, komanso timachotsa timadontho ta fumbi lomwe lamatirira pa sensa, kachipangizo kotola chithunzi m'kati mwa kamera. Ngakhale Ansel Adams, amene ankajambula mapiri a ku America makompyuta asanabwere, ankadetsa thambo ndi kuwalitsa malo ena potsuka zithunzi zake m'chipinda chamdima. Zonsezi zimakonza pamene kamera yalephera kutola zimene diso linaona. Koma pa lambayu kamera sinalephere kanthu, chifukwa analipodi m'khosi mwa nyamayo.

Komanso lambayu ali ndi mbiri yake. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira Liwonde mu 2015 mogwirizana ndi boma, linamanga mpanda wamagetsi kuzungulira nkhalangoyi ndi kuchotsa misampha yawaya masauzande ambiri, ndipo mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka kuno kupita ku Kasungu. Malamba otere ndi amene amathandiza alonda kudziwa kumene gulu la njovu lalowera lisanathyole mpanda ndi kukagwera m'minda ya anthu. Munthu akafufuta lamba, amapereka chithunzi cha tchire limene dzanja la munthu silinakhudzepo, chomwe chimasangalatsa ogula zithunzi akunja, pamene mlimi wa m'midzi yoyandikana ndi mpanda akudziwa bwino kuti njovuzi zili ndi moyo chifukwa choti anthu akuzilondera usana ndi usiku.

Mnyamatayo sanagonje msanga, ndipo ndinakondwera nazo. Iye anati wojambula ndi penti amasiya zimene sizikumusangalatsa popanda womutcha wabodza, ndiye n'chifukwa chiyani wa kamera amangidwe manja? Apa ndinagwirizana naye mbali imodzi. Ngati akufuna chithunzi chopachika pakhoma la hotela, n'kulemba poyera kuti chinasinthidwa pa kompyuta, ufulu ndi wake, ndipo akhoza ngakhale kusandutsa thambo kukhala lofiirira. Vuto limabwera pamene chithunzi chaikidwa pa malo amene owona amachitenga ngati mboni, monga m'magazini ya zachilengedwe kapena pa mpikisano, chifukwa pamenepo wojambula amakhala akulumbira kuti nyama imeneyi inali apa, yomasuka, ndipo inachita zimene mukuzionazi.

Ndinamukumbutsa nkhani ziwiri za mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year, womwe umayendetsedwa ndi Natural History Museum ku London. Mu 2009 José Luis Rodríguez wa ku Spain anapambana ndi chithunzi cha mmbulu ukudumpha chitseko cha khola usiku, koma mu Januwale 2010 analandidwa ulemuwo oweruza atakhutira kuti mmbuluwo unali woweta, wochokera kumalo osungirako nyama pafupi ndi Madrid. Mu 2017 Marcio Cabral wa ku Brazil anapambana m'gawo limodzi ndi chithunzi cha nyama yodya chiswe ikuyandikira chulu chowala usiku ku Emas National Park, ndipo chaka chotsatira akatswiri asanu atachiunika anagamula kuti n'kutheka kwambiri kuti nyamayo inali yakufa, youmikidwa, imene imaima pa chipata china cha nkhalangoyo. Onse awiri anakana mlanduwo. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti pa milandu iwiriyi nkhani sinali ya Photoshop, pulogalamu yosinthira zithunzi pa kompyuta, konse. Mafailo oyambirira akanatha kukhala oyera, koma chinakanidwa ndi chimene zithunzizo zinkanena za moyo wa nyamazo. N'chifukwa chake sindikhutira ndi anthu amene amaganiza kuti akasonyeza RAW ndiye kuti nkhani yatha, ngakhale kuti mpikisanowu umaitanitsadi mafailo amenewa ndipo malamulo ake salola kuwonjezera kapena kuchotsa zinthu m'chithunzi.

Chakumadzulo mnyamatayo anandionetsa chithunzi china cha njovu yomweyo, chomwe anajambula pamene inakupiza khutu n'kuphimba lamba yense. Anafunsa akumwetulira ngati ichinso ndichikana. Sindinachikane, popeza palibe chimene chinachotsedwa ndipo njovuyo inaonekadi choncho pa mphindi imeneyo. Komabe funso lake ndi lolemera, chifukwa kusankha chithunzi chimodzi pa zambiri, kuima pamene mpanda sukuoneka, ndi kudikira kuti galimoto ya alendo ichoke, zonsezi ndi njira zobisira dzanja la munthu zomwe malamulo a mpikisano amazilola. Kwa ine kusiyana kwake ndi kwakuti wosankha amasiya mbali ina ya zimene zinachitika, pamene wofufuta amapanga njovu imene sinaimepo pansi pa mivumo ija.

Titadya chakudya chamadzulo anasankha kutumiza chithunzi chachiwiricho, chifukwa ngakhale kaimidwe ka nyamayo n'kabwino kuposa m'choyamba, ndipo m'mawu ofotokozera walemba malo, nthawi, ndi kuti njovuyi ili ndi lamba wa GPS amene wabisika kuseri kwa khutu. Choyamba chija wachisunga mmene chilili kuti akachipereke kwa alonda a m'nkhalango, amene angathe kuzindikira kuti ndi njovu iti.