Kampando ka miyendo itatu kolukirapo malichero

Ndimaluka malichero ndi madengu kuno ku Angónia, cha ku Dómuè, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaluka nditakhala pamphasa, miyendo ili tambalale. Mu Juni chaka chatha, chisanu chitafika pachimake, msana unayamba kundiwawa moti podzuka ndinkachita kugwira khoma. Mpando wa pabalaza sunandithandize. Ndi wautali, ukakhalapo nsungwi zimatsala pansi, iwe n'kumangowerama tsiku lonse. Ndiye ndinati ndidzipangire kanga.

Choyamba sindinagwire sowo ayi. Ndinasanja njerwa pakhonde, n'kukhalapo ndi lichero losatha m'manja. Njerwa zochepa, mawondo ankafika pachifuwa. Nditawonjezera, zigongono zinakhazikika bwino pamawondo, lichero lili pakati pa miyendo, ndipo dzanja linkafikabe pansi pomwe ndimaika mpeni. Nditayeza ndi tepi ndinapeza masentimita 30. Muyezo umenewu ndi wa thupi langa ndi ntchito yanga. Wosoka pamakina kapena wojambula patebulo asakopere, adziyeze yekha.

Pokhalira ndinagula chidutswa cha thabwa la mlombwa kwa kalipentala wina ku Ulongué. Pogula mungamve akuutchula kuti umbila, ndi mtengo womwewo. Ndimaukonda chifukwa supindika wamba ukauma ndipo chiswe sichiuthamangira. Chidutswacho chinali cha masentimita 30 mbali zonse, kuchindikala kwake 5. Thabwa lopyapyala siligwira mwendo. Miyendo ndinadula ku bulugamu amene anakhala patsindwi la khitchini miyezi yambiri, wouma gwa. Mwendo wauwisi umafota ukauma, bowo n'kukula, mpando n'kuyamba kugwedera.

Miyendo ndi itatu dala. Khonde langa ndi lozira, si lasimenti, ndipo lili ndi tizigwa. Mpando wa miyendo inayi pamalo otere umatsala ndi mwendo umodzi m'malere, koma wa itatu umaponda yonse paliponse pomwe wauika.

Kuboola ndiye kunanditengera nthawi. Ndinajambula bwalo pathabwa ndi chingwe ndi msomali, n'kuika madontho atatu otalikirana mofanana, masentimita 6 kuchokera m'mphepete. Mabowo sayenera kuongoka. Apendekere kunja pang'ono kuti miyendo itagalale, apo ayi ukangoweramira kutsogolo kutola nsungwi, mpando umakugwetsa. Kuti onse apendekeke chimodzimodzi, ndinadula kathabwa mopendeketsa n'kumakaimika pambali pa choboolera chomwe ndinabwereka. Nsonga za miyendo ndinasema ndi nsompho, n'kumalizitsa ndi mpeni, kuyesa, kupala, kuyesanso, mpaka iliyonse inalowa mothina n'kutulukira pamwamba.

Apa ndi pomwe ndinaononga thabwa loyamba. Nsonga ya mwendo umaicheka pakati ndi sowo, kenaka umakhomamo kachikhomo kopyapyala kuti itambasuke n'kudzaza bowo. Ine ndinakhoma kachikhomoko motsata mizere ya thabwa. Nditamenya kachitatu ndinangomva kuti thee, mlombwa wanga wang'ambika pakati ngati chikuni. Zinandiwawa, poti mameticais ake ndinawapeza nditagulitsa madengu.

Amalume, amene anali pafupi akusema mpini, anatola zidutswazo n'kuzitembenuza.

"Mwanawe, nkhuni umawaza bwanji? Si motsata mizere? Ndiye wachita zomwezo. Chikhomo chizidutsa mizere mopingasa."

"Ndamva, amalume. Nanga guluu ndiike?"

"Ika pang'ono, koma chogwira ndi chikhomocho."

Sabata yotsatira ndinagula thabwa lina. Ndisanakhome ndinazunguza mwendo uliwonse mpaka mng'alu wake unapingasa mizere, ndinapaka guluu, n'kumenya pang'onopang'ono kwinaku ndikumvetsera. Kulira kwa hamala kukasintha, kukhala kogonthera, ndiye kuti chafika, usawonjezere.

Zotsala zinali zopepuka. Ndinacheka nsonga zotuluka pamwamba, ndinadula miyendo pansi kuti ilingane, ndinazungulitsa makona, n'kukwecha ndi sandipepa, makamaka m'mphepete momwe mumakhudza ntchafu. Kumapazi kwa miyendo ndinapakako oyilo wakutha wa njinga yamoto poopa chiswe ndi chinyontho cha dzinja. Pamwamba sindinapake, angade zovala.

Tsopano ndimaluka kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nsima osagwira msana. Pansi pa thabwa ndakhomapo kachikopa kolowetsamo mpeni, ndipo tsiku la msika kampandoko ndimakamangirira panjinga pamodzi ndi malichero.