Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kufulumizitsa masamu a kuwala

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinayamba ntchito yoyeza mpweya wa carbon dioxide ndi setilaiti ya OCO-2, imene NASA, bungwe la ku America lofufuza zakuthambo, inaulutsa mu 2014. Vuto lathu lalikulu zaka zimenezo linali kuchedwa kwa kompyuta.

Setilaitiyi imangolandira kuwala kwa dzuwa kobwerera kuchokera pansi, m'zigawo zitatu za kuwala zotchedwa ma band, pa 0.76, 1.61 ndi 2.06 micron (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala). Ife timawerengera mmene kuwalako kumayamwidwira ndi kumwazikira mumlengalenga, n'kuyerekeza ndi zimene setilaiti yaona, n'kusintha pang'ono kuchuluka kwa mpweya kumene tinaganizira, n'kubwerezanso. Kutsata mzere uliwonse wa mu HITRAN, kaundula wa malo amene mpweya umayamwira kuwala, kumafuna mapointi owerengera masauzande ambiri pa band imodzi, ndipo pa pointi iliyonse pulogalamu yowerengera kayendedwe ka kuwala ngati DISORT kapena LIDORT iyenera kuyenda.

Nthawi imathera pa ma stream, njira zimene kuwala kwagawidwamo. Kuchoka pa 8 kufika pa 16, ntchito imakula pafupifupi ka 8. Ndiye yambani ndi njira ya masamu yotchedwa delta-M, imene imadula nsonga ya kuwala komwazikira kutsogolo pa madontho a mitambo ndi fumbi, kuti ma stream ochepa akwanire. Koma payokha imapotoza kuwala kofika pa setilaiti. Mankhwala ake: kuwala komwazika kamodzi kokha kuwerengereni padera ndi phase function yathunthu, masamu osonyeza kuchuluka kwa kuwala komwazikira mbali iliyonse. Sikudya nthawi.

Njira imene ndimaikonda ndi iyi. Yendetsani ma stream awiri pa mapointi onse. Sanjani mapointiwo m'magulu potengera kuchuluka kwa kuwala koyamwidwa, ndipo pa gulu lililonse yendetsani kawiri, ndi ma stream awiri komanso ndi 16. Kusiyana kwa mayankho awiriwo ndiko kokonzera mapointi onse a gululo.

Apa m'pamene ambiri amagwa. Mapointi awiri akhoza kuyamwa mofanana, koma ina ikuyamwira kumwamba, ina pafupi ndi nthaka, ndipo pakakhala mtambo wopyapyala pamwamba pa nyanja, mayankho ake amasiyana. Magulu aziganiziranso kutalika kumene kuyamwako kukuchitikira. Musaiwalenso polarization, mbali imene mafunde a kuwala akugwedezekera, poti OCO-2 imaona mbali imodzi yokha.

Poyeza carbon dioxide tikufuna kulondola kwa 1 ppm (gawo limodzi pa miliyoni) pa 400, kutanthauza 0.25 peresenti. Choncho njira yachangu iyesedwe ndi yochedwa ija pa nyanja, pa chipululu, pa utsi, ndi dzuwa litapendeka, ndipo kusiyana kwake kukhale pafupi ndi 0.1 peresenti.

Gawo likudzali ndifotokoza za ma Jacobian, masamu osonyeza mmene kuwala kumasinthira tikasintha pang'ono zinthu ngati kuchuluka kwa mpweya.