DC6150 ija yawerengeka tsopano, vuto linali chipsera cha lamba

Anzanga a matepi akale, lero ndiye ndasangalala zedi. Tepi ija ya DC6150, katiriji yakale yosungira data ya kompyuta ya mtundu wa QIC, yomwe ndakhala ndikulimbana nayo yawerengeka yonse, kuyambira poyamba mpaka file mark (chizindikiro chothera fayilo) yomaliza, pulogalamu yokopera ya dd osakana block ngakhale imodzi.

Ena mukukumbukira kuti drive yangayi ya QIC-150, yolumikiza ku kompyuta pa kebulo ya SCSI, inabwera capstan yake, kawilo ka labala koyendetsa katiriji, itasungunuka kale, labala itasanduka phula lakuda lomata zala. Zimenezo sizinandivute, ndinapala zonse, kupukuta ndi isopropyl, kenaka kuvekapo kachidutswa ka paipi ya silikoni kofanana kukula ndi labala yakaleyo, basi matepi ena oyesera nkumayenda bwinobwino.

Koma iyiyi ayi. Choyamba lamba wa mkati anali atafooka, ukamukhudza ndi chala amangogwedera. Kwa inu amene munazolowera matepi a DAT, mu katiriji ya QIC drive siigwira ma reel, imangozunguza kawilo kamodzi kakutsogolo, kawiloko nkukoka lamba mmodzi wopyapyala amene amakumbatira ma reel onse awiri, nzeru ya a 3M ya mu 1972 imeneyo ndipo ine ndimaigomerabe mpaka pano. Lamba akafa zonse zafa. Ndinamasula masikuluwu apansi pa chitsulo cha aluminiyamu chija, kuchotsa lamba wakale pang'onopang'ono, nkuikapo wa Plastibands, timalamba totanuka tomangira zinthu. Amenewa sanandikhumudwitsepo, bola muziwakoka kaye ndi manja musanawaveke kuti afewe.

Nditaibweza mu drive, imayamba bwino, kuthamanga pang'ono, kuima, kubwerera mmbuyo, kuthamanganso, kuimanso malo omwewo, kenaka I/O error. Masiku anapita ndili pa chimodzimodzi chomwechi. Ndinasintha terminator ya kumapeto kwa kebulo ya SCSI, kusintha kebulo ya ma pin 50, kuzula khadi yanga ya SCSI ya Adaptec 2940 nkuiika mu kompyuta ina, palibe chosintha. Ndinapukuta hedi, kupukuta sensa, kupukuta kakalilole kamkati mwa katiriji kaja, kuyesanso lamba wina poganiza kuti mwina woyambayo wathina kwambiri. Chimene chimandizunguza mutu nchakuti matepi ena onse amayenda, ndiye drive ndi yabwino, koma tepi yake ukaiyang'ana ndi maso siinaduke, siinapindike, ikuoneka yabwinonso.

Dzulo usiku ndinatsekulanso katiriji, nkuyamba kuzunguza ma reel ndi chala pang'onopang'ono tochi ili kuseri kwa tepi. Ndi pamene ndinachiona. Pamalo pamene lamba wakale anagona zaka zonsezi, anamatirira, ndipo pochoka anatenga oxide, utoto wa maginito wosunga data, nkusiya kachipsera koyera mbee, pulasitiki yokhayokha, kuwala kumadutsa ngati palibe kanthu. Paja tepi ya QIC siimangidwa ku ma reel, drive imadziwa poyambira ndi pothera chifukwa cha timabowo tija toboola pa tepi, kuwala kukadutsa pa bowo nkugunda sensa ndiye yadziwa pamene ili. Choncho drive yanga imaona chipseracho nkumati ndi bowo, bowo loti lili pamalo posayenera, ndiye imasokonezeka nkubwerera kukafunanso poyambira.

Mankhwala ake cholembera cha maka yakuda basi. Ndinadetsa chipseracho cha kumbuyo kwa tepi, osati mbali ya oxide yomwe imakhula hedi, nkudikira kuti inki iume gwa, kudetsanso kachiwiri mpaka tochi osaonekera. Samalani musatseke mabowo enieni, mukatero tepi idzathamanga mpaka kuvuka pa reel ndipo kuibwezera ndi ntchito ina yotopetsa.

Mwayi wanga unali woti amene anasunga tepiyi anaibweza kumayambiriro asanaiike mu bokosi, ndiye chipsera chinagwera kutsogolo, data isanayambe. Akanaisiya pakati bwenzi tikulira pano, chifukwa QIC-150 imalemba ma track 18 mopita ndi kubwerera, kuchoka koyamba mpaka kothera, hedi nkusuntha pang'ono, kubwereranso, choncho chipsera chimodzi pakati chikhoza kudya data pa ma track angapo nthawi imodzi. Nchifukwa chake ine ndikuti tepi iliyonse yakale muziitsekula kaye muone lamba musanaponye mu drive, ndipo za mt retension, lamulo lozunguza tepi yonse mpaka kothera nkuibweza, pa katiriji yoti simunaione mkati iwalani.

Kuwerenga kwake mu Linux ndinadzera pa /dev/nst0 kuti isamabwerere yokha pakutha pa fayilo iliyonse, bs=512, fayilo imodziimodzi mpaka data itatha. Zonse ndi mafayilo omangidwa pamodzi a tar, muli source code yakale ya C ndi makalata, ndakopera pa ma disiki awiri ndipo tepiyo sindiizunguzanso.

Zandikumbutsa nthawi ija ndimatulutsa zinthu pa matepi a QIC-80 ndi Colorado Jumbo 250, aja olumikiza pa kebulo ya floppy. Kumeneko ntchito yaikulu inali ya software, poti ftape, driver ya matepi amenewa, anaichotsa mu Linux kuyambira pa 2.6.20 ndiye umayenera kudzutsa kompyuta yakale ndi kernel yakale. Matepi aakuluwa a SCSI ndimawakonda chifukwa Linux ya lero imawaona pompo, nkhondo yonse ili pa labala ndi lamba.

Patsogolopa pali bokosi la ma DC600A, aja a 60MB a QIC-24 a ma track 9, drive yomweyi iyenera kuwawerenga. Koma mtima wanga uli poti nditenge siginolo kuchokera pa hedi penipeni, ndiijambule, kenaka ndilembe pulogalamu yanga yomasulira GCR, njira yomwe data imalembedwera pa matepiwa, kuti ngakhale tepi ya chipsera pakati ndizitha kutola zotsalazo popanda drive kundiimitsa. Zida zake ndikuganizirabe. Amene mwapeza lamba wokwana bwino mu timakatiriji ta DC2000 tandiuzani, a ine onse akumathina.