Lachitatu: magetsi azima, rauta ikuyakabe

Magetsi athima cha m'ma 6 koloko m'mawa, madzi a tiyi asanawire n'komwe. Firiji itangoti zii, mayi a kunyumba anatulutsa mbaula n'kuyamba kusonkha makala. Ine maso anali pawindo la pabalaza, pomwe pamakhala rauta yathu, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba. Timagetsi take tobiriwira tinali tikuphethirabe. Mtima unakhala m'malo, chifukwa lero ndi tsiku loyamba kuti batire limene tinalumikiza Loweruka lija ligwire ntchito yeniyeni.

Ndimawerengetsera ndalama timabizinesi ta anthu ndili pakhomo kuno ku Matawale ku Zomba, ndipo ena mwa eni ake ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Intaneti ikasowa, tsikulo ndangokhala. Laputopu imapirira maola atatu kapena anayi payokha, foni nayonso imalimba, koma rauta ilibe batire m'kati. Magetsi akangothima, iyo imafa nthawi yomweyo, bandulo yapamwezi n'kumangopita pachabe.

Maganizo anga poyamba anali ogula inveta, kachipangizo kosandutsa moto wa batire kukhala wofanana ndi wa pakhoma. Mmisiri wa zamagetsi wa ku Chinamwali ndi amene anandibweza. Anatembenuza rauta ija chagada n'kuloza kapepala kamene kamatidwa kunsi kwake. "Achimwene, tawerengani apa." Panalembedwa 12V, 1A. Anandifotokozera kuti magetsi a pakhoma ndi a 230 volts, ndipo chaja chakuda cha rauta ntchito yake ndi kuwatsitsa kuti afike pa 12 volts. Batire nalonso limatulutsa 12 volts. Ndiye ukaika inveta pakati, ukukweza moto kuchoka pa 12 kufika pa 230, kenako chaja n'kuutsitsanso kubwerera pa 12, ndipo paulendo wonsewo moto wina ukungotayika ngati kutentha. Invetayo imadyanso batire ngakhale usanalumikizeko kanthu. Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo ndalama ya inveta ndinaisunga.

Chimene tinagula ndi batire laling'ono lotsekeratu la 12 volts, 7Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), lofanana ndi aja amakhala m'ma UPS, mabokosi oyendetsa makompyuta magetsi akathima. Anaika fyuzi pa waya wofiira pafupi ndi batire, kenako kachipangizo kosunga moto pa 12 volts kuti usakwere, poti batire likamatchajidwa limadutsa 14 volts. Asanalowetse pulagi yozungulira ija mu rauta anayeza ndi mita kawiri, kutsimikiza kuti waya wofiira wapita pakati pa pulagiyo. Akuti ukasemphanitsa mawaya awiriwa, rauta imatha kupsa kamodzin'kamodzi. Ichi chokha ndi chifukwa chokwanira choitanira munthu wodziwa m'malo mongolumikiza wekha.

Cha m'ma 9 koloko mphwanga anatulukira pa kabaza kuchokera ku Chikanda, thukuta lili kamukamu. Amaphunzira ku Chanco, ndipo anali ndi ntchito ya kusukulu yofunika kutumiza nthawi isanakwane 12 koloko. Kwawonso kunali kopanda magetsi, bandulo ya pafoni itamuthera usiku. "Achimwene, Wi-Fi ilipo?" Ndinangomulozera mpando. Tinakhala awiri patebulo limodzi, iye akukonza masamba ake omaliza, ine ndikutumiza malipoti. Itakwana 11 koloko anawomba m'manja kuti zapita. Anadya mbatata ndi tiyi wa pambaula n'kubwerera.

Masana intaneti inayamba kukoka miyendo, pomwe rauta inali ikuyaka bwinobwino. Apa ndinakumbukira kuti batire langa likusamala mbali ya m'nyumba yokha. Nsanja za netiweki nazonso zimadalira magetsi, ndipo akathima zimayendera mabatire ndi majenereta awo. Komanso magetsi akasowa dera lonse, aliyense amathamangira pafoni. Tinaziona kwambiri mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130 nthawi imodzi. Chaka chimenecho tinkakhala maola ambirimbiri mu mdima, ndipo ndi pomwe ndinayamba kulakalaka kachipangizo konga aka.

Nthawi ya nsima ndinatenga mita imene mmisiri anandibwereka. Ndinachotsa rauta, n'kudikira pang'ono, kenako n'kuyeza batire: 12.2 volts. Lodzadza limakhala cha pa 12.7, ndiye apa linali litatsala pang'ono kufika theka. Masamu ake ndi osavuta. Ukachulukitsa 12 volts ndi 7Ah umapeza 84, umene ndi moto wonse wa m'batire, koma batire la mtundu umenewu silifuna kukamulidwa mpaka kuuma. Ukamadutsa theka kawirikawiri limafa msanga. Ndiye moto wogwiritsa ntchito ndi 42 basi, ndipo rauta yodya ma watts 6 kapena 7 imaumaliza m'maola 6 kapena 7. Zinagwirizana ndendende ndi zimene ndaona lero. Ntchito yofunika inali itatha, choncho sindinaiyatsenso.

Magetsi anabwera cha m'ma 4 koloko, ana a m'mudadada muno akukuwa kuti ayaka. Ndinalumikiza chaja cha batire nthawi yomweyo, poti batire lotere silifunanso kugonekedwa lopanda moto. Amayi oyandikana nafe, amene amagulitsa zitenje pa WhatsApp, anabwera kudzaona m'mene talumikizira. Anafunsa ngati power bank yawo ingathe. Ndinawauza kuti imatulutsa 5 volts yokha, pokhapokha atapeza kachingwe kokwezera moto kufika pa 12. Anajambula kapepala ka kunsi kwa rauta yawo kuti akaonetse mmisiri uja.

Loweruka likubwerali ndipita kumsika waukulu kukafunsa mtengo wa sola yaing'ono ndi kontorola yake, kachipangizo kowongolera moto wolowa m'batire. Dzuwa la Okutobala lino likuswa mtengo kuyambira m'mawa, ndipo denga lathu lilibe mthunzi mbali ya kumpoto.