Kuthokoza onse amene munatithandiza kukumbukira Madamu a Sitandade 1

Ndikulemba m'malo mwa aphunzitsi anzanga a pasukulu yathu ya pulayimale kuno ku Bembeke, m'boma la Dedza, pofuna kuthokoza nonse amene munaponyapo kangachepe pa thumba limene tinakhazikitsa pokumbukira mnzathu amene anatisiya chaka chatha atavutika ndi khansa ya khomo la chiberekero. Dzina lawo sinditchula monga anapemphera akubanja, komanso kwa ife ndi kwa ana onse iwo anali Madamu a Sitandade 1 basi. Amene mumachidziwa chisanu cha kuno m'mwezi wa June mumvetsa ndikanena kuti iwo ankalawirira ndi zitenje ziwiri zapadera m'chikwama, zofunditsa ana amene abwera akunjenjemera.

Matenda awo anadziwika mochedwa, ndipo miyezi yawo yomaliza inathera pa msewu wa M1, kupita ndi kubwerera ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Tikapita kukawazonda sankakamba kwambiri za ululu wawo. Nkhani yawo inali ya amayi anzawo a m'wodi, ena ochokera ku Lobi ndi ku Mayani, amene ankalephera kubwera pa tsiku limene adokotala anawauza chifukwa chosowa ndalama yokwerera minibasi, ndiponso ya owasamalira amene ufa unkawathera ali kutali ndi kwawo. Ankatikumbutsa kuti iwo anali ndi malipiro pakutha pa mwezi, pamene anzawowo ankadikira kuti kachewere akhwime kaye.

Maliro atatha tinakhala pansi kukambirana chochita, ndipo ndivomere kuti ine ndinali m'gulu la amene tinkafuna kuwamangira chiliza chokongola. Anatibweza ndi mayi awo owabereka, amene ananena mofatsa kuti chiliza ndi udindo wa banja, ndipo ngati tikufunadi kulemekeza mwana wawo tikumbukire zimene ankadandaula ali pa bedi. Lero ndikuona kuti agogowo anaona patali kutiposa tonse.

Choncho zikomo kwa aphunzitsi a m'zoni yathu amene munadula pa malipiro anu ochepawo, kwa a komiti ya sukulu, kwa mafumu athu, kwa amayi a mpingo wa Katolika ndi amayi a Chigwirizano amene munagwira ntchitoyi limodzi. Zikomo kwa ophunzira awo akale a ku Lilongwe, ku Blantyre mpaka ku Johannesburg, amene munatumiza thandizo pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ena osafuna n'komwe kuti tikudziweni. Alimi amene munabweretsa matumba a kachewere kuti tigulitse, Mulungu akubwezereni m'minda mwanu. Sindingaiwalenso kamtsikana kena ka Sitandade 3 kamene kanafika ku ofesi ndi mazira awiri m'kapepala, n'kunena kuti ndi a Madamu.

Gawo lina la ndalamazo tinagulira ufa, nyemba, shuga, sopo ndi zitenje, zimene tinakapereka kwa osamalira odwala khansa ku Lilongwe. Zotsalazo zikusungidwa ndi anthu atatu amene tinawasankha pamsonkhano wa makolo, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha, kulipirira ulendo wa mayi aliyense wa m'midzi yozungulira sukulu yathu amene watumizidwa ku chipatala chachikulu ndipo ali ndi kalata ya kuchipatala. Buku lolembamo zolowa ndi zotuluka lili mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, ndipo aliyense amene anapereka ali ndi ufulu wodzaliona.

Pali chinthu chinanso chimene thumba silingagule. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri zedi, chonsecho kuyezetsa khomo la chiberekero ndi viniga n'kwaulere m'zipatala za boma ndipo sikutenga nthawi. Katemera wa HPV, kachirombo kamene kamayambitsa khansayi, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse m'chaka cha 2019 kwa atsikana a zaka 9, koma makolo ena ankabisa ana awo poopa mphekesera zoti sadzabereka, ndipo malemuwa ndi amene ankayenda khomo ndi khomo kuwafotokozera. Ndikuthokoza aphunzitsi aakazi a pasukulu pathu amene anapita limodzi kukayezetsa sabata yotsatira maliro, ndi amayi a m'mudzi amene anawatsatira ataona kuti abwerako akuseka.

Zitenje ziwiri zija akubanja anatisiyira, ndipo zili m'kabati ya Sitandade 1 kudikira June.